Kamphira Kotsala m'Mbale ya a Ngozo

Loweruka lapitali tinali kumanda kukaona chiliza cha a Layisoni Ngozo, chaka chitakwana chimwalirire. Ana awo alembapo dzina, ndime ya m'Baibulo, ndi mawu akuti anali bambo wachikondi. Sindikutsutsa. Koma ndinaima pamenepo mtima ukundiwawa, chifukwa palibe pomwe palembedwa kuti munthu ameneyu anali makaniko. Mwina anawo aona kuti si zolemba pamanda. Basi ndilemba ine, pakuti ntchito imeneyo inali moyo wawo, ndipo pa kutha kwake pakamwa pangapa panalowererapo.

Aliyense wa galimoto yakale pa Manjawira ankawadziwa. Ine ndinawadziwa bambo akunyumba atamwalira, atandisiyira ana atatu ndi kagalimoto kapetulo kokalamba, komwe mpaka lero ndimapikulira kachewere ndi kabichi ku Tsangano. Tsiku loyamba ndinafika pagalaja pawo kagalimotoko kakutsokomola, ine nditakwiya kale. Iwo anatchera khutu ku injini, kenako anandifunsa dzina la kwathu.

"Ndine NaNyoni, wa ku Kandeu."

"NaNyoni, galimotoyi inakulakwirani chiyani?"

Ndinati sinandilakwire. Anati ndiye ndileke kuiponda ngati ndikupha njoka. Ndinatsala pang'ono kubwerera pomwepo, koma makaniko wina panalibe woti ndingamukhulupirire, ndiye ndinameza malovu n'kukhala pansi. Kuyambira tsiku limenelo tinakhala tikukangana zaka zoposa khumi, ndipo sindikumbuka mkangano ndi umodzi womwe umene ndinapambana.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, woyenda ngati palibe komwe akupita. Ovolosi yawo inali yabuluu kalekale. Ntchito anaiphunzira ku migodi ya ku Joni, komwe anapita ali mnyamata kukakumba, koma anakathera ku galaja ya pamgodi. Ankati kumeneko anatha zaka zitatu akutsuka zitsulo asanaloledwe kugwira sipanala, ndipo ankanena zimenezi monyadira, ngati anapatsidwa mendulo. Bawuti ikakana kumasuka ankaikalipira m'Chilapalapa cha kumigodi, ati Chichewa ndi chaulemu kwambiri, chitsulo sichingamve. Munthu ndiye sankamutukwana. Ankangosiya ntchito, n'kupukuta manja, n'kukuyang'ana mpaka uchite manyazi wekha.

Kuchedwa kwawo kunali kodziwika mpaka ku Balaka. Oyendetsa minibasi ankalira nawo, koma ankabwerabe, chifukwa galimoto yokonzedwa ndi a Ngozo sinkabwerera ndi matenda omwewo. Ukawafulumiza ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ukabwereza ankapita kukamwa tiyi. Wosuta fodya ankamuthamangitsa ngakhale akhale bwana wotani. Tsiku lina anathamangitsa mlamu wawo weniweni, ndipo anthu awiriwo anatha miyezi osalankhulana. Ankati moto wa petulo anauonapo kamodzi ku Joni, ndipo kamodziko kanakwana. Sanafotokozepo kuti unatentha ndani. Anthu amati tsoka silinunkha, koma iwo ankati pa ntchito yawo limanunkha ndithu, vuto ndi loti eni magalimoto ali ndi chimfine.

Adani awo enieni anali anyamata a kabaza wa njinga zamoto, omwe ankaima tsidya lina la msewu. Ankawadzutsira fumbi dala, iwo n'kumawaloza ndi sipanala. Analumbira pamaso pa anthu kuti chinthu chopanda zitseko sadzakwera, angachite bwino kuyenda pansi mpaka ku Ntcheu boma. Anyamatawo ankawaseka kuti madala akuopa mphepo.

Ntchito yomwe ankaikonda koposa ndi ya mainjekita, tizitsulo tinayi tothira petulo mu injini. Ndi fumbi lathuli komanso mafuta a m'zigubu, tizitsulo timeneti timatsekeka, galimoto n'kuyamba kunjenjemera, kulephera mtunda ndi kumwa petulo ngati chidakwa. Tonse tinayi timalumikizika ku kapaipi kachitsulo kogawa petulo, komwe amakaniko amati relo. Ena relo amaizula ngati chinangwa. A Ngozo ankayamba ndi kuwaza madzi pansi kuti fumbi ligone. Kenako azule fyuzi ya pampu, alize injini, aime manja kumbuyo kudikira kuti izime yokha, petulo wa m'paipi athe mphamvu. Achotse waya wa batire. Apukute paliponse mozungulira. Akatero m'pomwe ankamasula mabawuti awiri, n'kuyamba kugwedeza relo pang'onopang'ono, uku ndi uku, mpaka ituluke ndi mainjekita onse anayi ali lende ngati tiana ta nkhumba pa mawere a make. Mabowo anayi otsala pa injini ankawatseka ndi tinsanza toyera, ati kamchenga kamodzi kakagweramo wapha galimoto ya mwini.

Ndiye pali timphira. Injekita iliyonse ili ndi timphira tiwiri tozungulira ngati mphete, kena kumtunda kena kumunsi, totseka kuti petulo asadonthe. Tonse pamodzi ndi tisanu ndi titatu. A Ngozo sankabwezera takale ngakhale tioneke tabwino bwanji. Tatsopano ankatiika m'mbale yachitsulo yakale, yodetsedwa ndi oyilo, ndipo ntchito ikatha ankasisita m'mbalemo ndi zala n'kuitembenuza pamaso pa mwini galimoto kuti aone kuti mulibe kanthu. Lamulo lawo linali limenelo: mbale isanatembenuzidwe, galimoto sichoka.

Kuti maso awo akutha, tonse tinali nazo zizindikiro koma sitinawerenge. Ankakupatsa moni ukayamba walankhula. Nambala ya pa chitsulo ankati uwawerengere, magalasi aiwala kunyumba, pomwe magalasi analibe n'komwe. Masipanala ankawadziwa ndi kulemera kwake m'manja. Ife tinkati ndi luso, ndipo linali luso ndithu. Pambuyo pake ndinamva kuti anapita okha kuchipatala mwakachetechete, ndipo anawauza kuti si ng'ala yoti angachotse, mitsempha ndiyo ikufa. Sanauze ngakhale ana awo. Ankadziwa kuti palibe munthu angapereke galimoto yake kwa makaniko wosaona.

Tsopano ndifike pa tsiku la chinkhoswe cha mwana wanga wamkazi. Mwambo unali Loweruka kwathu ku Kandeu, m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Galimoto inali itadwala kwa masabata awiri, ine ndikuzengereza ndi zokonzekera. Ndinagula mainjekita anayi ogwiritsidwapo kale ntchito, obwera ndi timphira take takale, ndi timphira tatsopano padera, n'kukafika nazo pagalaja Lachisanu dzuwa litapendeka.

"Mubwere nayo Lolemba," anatero a Ngozo.

"Lolemba mwana wanga adzakhala atatomeredwa kale. Mukufuna ndikafike pa ngolo?"

"Ngolo siiphulika, NaNyoni."

Ndinalira, ndinakalipa, ndinawakumbutsa kuti mwanayo anamuona akukula. Anapuma mozama n'kutenga ndowa yowazira madzi. Koma ine sindinakhale pansi. Ndinaima pamsana pawo ngati kapitawo wa pa esiteti, foni ili kukhutu, ndikuwafunsa mphindi iliyonse ngati atsala pang'ono. Atamanga relo analiza injini, n'kuyendetsa chala mozungulira injekita iliyonse, n'kununkhiza. Panali pouma. Injini inkalira bwino ngati yatsopano. Ndisaname, mbale sanatembenuze, chifukwa ine ndinali nditalowa kale m'galimoto ndikuimba belu. Kanali koyamba kuwaona akuswa lamulo lawo, ndipo ndine ndinawaswetsa.

Mawa lake tinanyamuka m'mamawa: ine pa chiwongolero, achimwene anga omwe anali ankhoswe kutsogolo, ndi amayi atatu a kumpingo kumbuyo, tonse akazi titavala chitenje chofanana. Tinachedwako pa boma kugula zotsala, kenako tinasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wa ku Kandeu. Amayiwo ankaimba, ine ndikuvomera. Foni inali m'chikwama, ndipo pambuyo pake ndinapeza kuti wagolosale woyandikana ndi galaja anandiimbira kambirimbiri. Achimwene anati akumva fungo la petulo. Ndinati ndi chigubu chakale m'buti, aleke kusokoneza nyimbo.

Tili pakati pa ulendo, njinga yamoto inatipitirira ikuimba belu, n'kuima kutsogolo kwathu. Ndinatsika nditakonzeka kumutukwana wakabazayo. Kumbuyo kwake kunatsika munthu woyera ndi fumbi kuyambira kumutu, atagwirabe malaya a mnyamatayo. Anali a Ngozo.

"Zimitsani injini! Tulutsani anthu, aime patali."

"A Ngozo, inu pa njinga yamoto?"

"Ndati zimitsani."

Sindinawamvepo akukweza mawu chotero. Titatsegula boneti fungo linatimenya kumaso. Petulo anali atanyowetsa pamwamba pa injini, akutsetsereka kuchokera pa injekita yachitatu, ndipo pomwe ankagwera pankachita kautsi. Achimwene anabwerera m'mbuyo atagwira pakamwa. A Ngozo anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa mpango womangidwa mfundo. M'katimo munali kamphira kamodzi katsopano. Anati m'mawa umenewo potsuka mbale, chala chawo chinakagunda katamatirira pansi pa mbaleyo. Ndiye kuti injekita imodzi inalowa ndi kamphira kakale, ndipo ankadziwa kuti kakatenthedwa n'kugwedezeka ndi mabampu kang'ambika.

Ndinati amange msanga tizipita, anthu akudikira. Anati injini iyambe yazizira. Tinakhala m'mbali mwa msewu ola lathunthu, foni yanga ikulira, akuchimuna atafika kale. Ndinkayenda uku ndi uku ngati nkhuku yofuna kuikira. Iwo anakhala pa mwala, manja pa mawondo. Itazizira, anapempha amayi atatu aja kuti amasule zitenje zapamwamba n'kuzitambasula kumbali ya msewu, kutchinga fumbi la magalimoto odutsa. Anatumanso achimwene kukaimitsa aliyense wobwera ndi ndudu. Kenako anandiitana pansi pa boneti, n'kulankhula motsitsa kwambiri, moti ndinachita kuwerama kuti ndimve.

"NaNyoni, mundibwereke maso. Angawa anapita. Ndimangoona ngati utsi, chaka chachiwiri chino."

Ndinawayang'ana m'maso koyamba pa zaka zonsezo. Ankayang'ana pambali pa nkhope yanga. Mkwiyo wonse unathera pomwepo, ndipo ndinamva chisoni chomwe sindinamvepo chimwalirire bambo akunyumba.

Tinagwira ntchito ija anthu awiri. Petulo anali atatha kale mphamvu ndi kudontha kuja, ndiye anangochotsa waya wa batire. Iwo ankamasula, ine ndinkalandira mabawuti n'kuwasunga m'chikhato. Relo itatuluka anang'amba mpango wawo panayi n'kundiuza kuti nditseke mabowo. Ankandipatsa injekita imodziimodzi kuti ndione timphira take.

"Mukuona chiyani?"

"Kakuda, konyezimira."

"Katsopano ako. Inayi?"

"Aka n'kotuwa, kali ndi mng'alu."

"Ndi kameneko. Kachotseni ndi chikhadabo, osati chitsulo."

Chikhadabo chomwe ndinapaka utoto dzulo lake chinathyoka pomwepo. Anandontheza oyilo pa chala kuchokera m'kabotolo ka mankhwala, n'kundiuza kuti ndipake kamphirako kasanalowe, kuti kasapindike. Pobwezera relo anaika manja awo pamwamba pa anga, n'kuti ndisakankhe ndi mphamvu, ndimvetsere mpaka ikhale yokha. Ndinaimva ikukhala. Titaliza injini anandiuza kuti ndiyang'ane injekita iliyonse n'kuwerenga mpaka makumi asanu. Panali pouma. Anatembenuza thumba la jekete pamaso panga, popeza mbale inatsala ku Manjawira.

Tinawatenga ku chinkhoswe, atakana kawiri. Tinafika mochedwa ndi maola awiri, bulauzi yanga ili ndi oyilo pachifuwa. Anawakhazika pa mpando kutsogolo. Ndipo apa m'pomwe ndinalakwa. Itafika nthawi yoti make mwana alankhule, anandipatsa chimkuzamawu, mtima wanga utadzaza. Kwathu munthu akakuchitira zabwino umamuthokoza pagulu, ndi dzina la mfunda wake, kuti onse amve. Ndinawaimiritsa. Ndinati onani bambo awa, Ngozo, akwera njinga yomwe analumbira kuti sadzakwera, kutithamangira ndi kamphira komwe anaiwala, kuti tisapse. Ndikanalekera pomwepo. Koma ndinapitiriza kuti chodabwitsa n'choti maso awo saona, zaka ziwiri akhala akukonza magalimoto athu ndi manja okha.

Nthungululu zinalira. Anthu anaomba m'manja mpaka akuchimuna anaimirira. A Ngozo anavula chipewa, anawerama pang'ono, n'kukhala pansi. Ine ndinkaona ngati ndawaveka ulemu. Sindinadzifunse chifukwa chomwe anandiuzira motsitsa mawu, amayi aja ali kuseri kwa zitenje. Pagulupo panali oyendetsa magalimoto a ku Manjawira, ndipo wina anajambula zonse pa foni. Pofika Lolemba nkhani inali m'magulu onse a pafoni.

Palibe anawanyoza. Anthu ankabwera kudzawagwira chanza, kuwatcha ngwazi, ena kuwabweretsera shuga. Koma magalimoto ankapita nawo kwina. Woyamba anali wa minibasi yemwe anakhala kasitomala wawo kuyambira kale. Ndinamufunsa pamsika, ndipo anandiyankha mosabisa: "Mayi, madala aja ndimawakonda, koma ndimanyamula anthu. Munanena nokha kuti anaiwala kamphira." Pomwe mvula inkayamba, pagalaja pankatha sabata osaima galimoto.

Iwo ankabwerabe m'mawa uliwonse atavala ovolosi. Wowabweretsa anali wakabaza uja, yemwe anasanduka mnzawo wapamtima, ngakhale ankamukalipira njira yonse kuti akuthamanga. Ine ndinayamba kupita nayo galimoto yanga Loweruka lililonse, ikudwala isakudwala. Ndinkapeka matenda. Ankamvetsera injini, n'kumwetulira, n'kuti chabwino tiyeni tione, ndipo ankandiuza chomasula ine n'kumamasula. Umo ndi momwe ndinaphunzirira ntchito, moti lero mainjekita ndimasintha ndekha, amuna atazungulira akudabwa.

Panapita miyezi ndisanalimbe mtima. Tsiku lina tikutsuka mapulagi ndinati, "A Ngozo, ndinakulakwirani ku Kandeu kuja. Ndinakuthawitsirani anthu."

Anapitiriza kupukuta chitsulo chomwe chinali choyera kale.

"Munanama?"

"Ayi."

"Nanga mukupepesa chiyani? Wa minibasi uja akunena zoona. Ndinayenera kusiya ndekha kalekale, koma ndinkaopa kukhala pakhonde. Munandithandiza kunena zomwe zinkandikanika." Kenako anati, "Komabe, NaNyoni, chimkuzamawu chija mukanachitalikitsako pang'ono kukamwa."

Tinaseka mpaka ine ndinayamba kulira, ndipo iwo ananamizira kuti sakumva. Ndikudziwa kuti anandikhululukira. Ndikudziwanso kuti zinawapweteka, chifukwa galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro pamsewu ankadzutsa mutu, n'kuutsitsanso ikapitirira. Anamwalira m'nyengo yozizira, atadwala chifuwa masiku ochepa. Pa maliro awo magalimoto anadzaza mpaka kumsika. Ndinawayang'ana onsewo ndi mkwiyo, kenako ndinakumbuka kuti woyamba kumukwiyira ndine ndemwe.

Pobwera kumanda Loweruka lija ndinadutsira pagalaja. Malata a shedi ana anachotsa n'kukafolera khola, kwatsala mitengo inayi yoimirira. Dzenje lomwe ankalowamo poona kunsi kwa galimoto ladzaza makoko a chimanga ndi mapepala ouluka kuchokera kumsika, ndipo thabwa limodzi lagweramo. Dothi lapakati ndi lakuda, lolimba, udzu wakana kumerapo. Koma kanjira kokhotera kuchoka pa tala kamera chisoso ndi bonongwe mpaka m'mawondo, ndipo m'katikati mwake mukuonekabe mizere iwiri yokha ya matayala, yopapatiza, ya galimoto imodzi. Ndinailondola mpaka pa dothi lakudalo, ndinazimitsa injini, n'kukhala momwemo manja ali pa chiwongolero. Galimoto inalibe vuto lililonse, ndipo panalibe woti ndimunamize.